Momwe mungamvetsere oyimba amene aliyense amawatama koma inu sakukufikani pamtima

Pali oyimba ena ukangowatchula pa baraka akuluakulu amasiya kaye kapu pansi, Allan Namoko, Daniel Kachamba, kumwera kwa Mozambique uko Fany Pfumo ndi Ghorwane, ku Zimbabwe Oliver Mtukudzi, ku Congo Franco, nde iwe ukafika kunyumba waika nyimbo yake pa foni, isanafike ndi pakati pomwe chala chapita kale kukadina ina, kenako mumtima mukuwawa ngati wanyoza kholo. Ine zinandichitikira ndi Namoko. A malume anga ku Domwe anathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo, atabwerako nkhondo itatha mu 1992 anabwera ndi wailesi ya kaseti ndi jumbo ya makaseti, ndipo Lamulungu lililonse masana pansi pa mtengo wa mapichesi kunali Namoko basi. Iwo maso atatsinzina, mutu ukugwedezeka, ine ndikungomva banjo ikulira ngati chitini. Zaka zambiri ndinkangovomera kuti eee ndi katswiri, koma ndikunama.

Zimene ndalemba apazi ndi zimene ndinayesa ndekha. Zinagwira kwa ena, kwa ena sizinagwire, ndinena zonse.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Foni yachaji, kapena wailesi yolowa memory card kapena fulashi.
- Mahedifoni omveka mbali zonse ziwiri, kapena sipika, ija timati koluna, yoti besi imamveka. Kasipika ka foni ayi.
- Mamega okwanira kutsitsa nyimbo zitatu kaya ndi a Movitel kaya a Vodacom, kapena pitani kwa anyamata oika nyimbo kumsika.
- Kope lakale ndi cholembera.
- Munthu mmodzi amene woyimbayo amamukonda kuchokera pansi pa mtima, makamaka wamkulu. Ichi ndiye chida chachikulu kuposa zonsezi.
- Masabata atatu osathamanga.

## Sitepe 1: Sankhani woyimba mmodzi yekha

Mmodzi. Osati lero Namoko mawa Franco mkuja timbila, zida zija za matabwa zoomba ndi timitengo. Ndipo lembani m'kope chifukwa chimene mukumufunira, mzere umodzi wokha: bambo anga ankamukonda, kapena ndikuphunzira gitala ndipo aliyense akuti ndiyambire pa Kachamba, kapena mkazi wanga ndi wa ku Gaza ndipo kwawo nyimbo za marrabenta ndi za tsiku ndi tsiku.

Chenjerani apa: ngati chifukwa chimene mwalemba ndi choti anzanu a pa Facebook asakuoneni ngati mbuli, imani kaye. Khutu silimvera manyazi. Sankhani woyimba amene pali munthu weniweni kumbuyo kwake amene mumamukonda.

## Sitepe 2: Nyimbo zitatu zokha, ndipo asankhe ndi amene amamukonda

Ambiri amalakwitsa pomwepa. Amapita kwa mnyamata wa kompyuta kumsika ku Ulongwe nkuti "undiikire zonse za Franco," abwerako ndi nyimbo zosawerengeka, zina zodukaduka, zina DJ akukuwa dzina lake pakati pa nyimbo, zina zolembedwa dzina lolakwika moti ukumvera munthu wina ukuganiza ndi yemwe umafuna. Pamenepo watopa usanayambe.

Pitani kwa munthu wanu uja mumufunse kuti, "Mutati mundipatse zitatu zokha, mungandipatse ziti?" Muwapemphe imodzi yovina, imodzi yachisoni, ndi imodzi imene iwo eni ake amaikonda olo kuti siinatchuke. Yachitatuyi nthawi zambiri ndi imene imatsegula khomo, chifukwa poipereka munthu amafotokoza yekha osafunsidwa kuti anaimvera kuti, anali ndi ndani, chinkachitika ndi chiyani.

Mukatsitsa, mvetserani kaye pang'ono kuti muone ngati fayiloyo ndi yabwino. Nyimbo imene yadutsa pa WhatsApp kangapo, kapena yojambulidwa ndi foni kuchokera pa wailesi, imakhala itafinyidwa, besi yatha, zatsala zoswa makutu. Ngati ilipo pa YouTube yomveka bwino tengani imeneyo olo idye mamega ambiri.

## Sitepe 3: Tchulani chimene chikukutchingani

Mverani zitatuzo kamodzi, mutakhala pansi, osagwira ntchito ina. Pomwe mwamva kuti chala chikufuna kudina ina, imitsani, lembani kuti chakutopetsani ndi chiyani kwenikweni. Mawu oti "sizikundikomera" sathandiza, ali ngati kupita kuchipatala nkuuza a nesi kuti "ndikudwala" osatchula pomwe pakuwawa.

Nthawi zambiri chimakhala chimodzi mwa izi. Kamvekedwe kakale, kuti shiii kumbuyo, zida zopyapyala, popanda kugunda kwa besi kumene makutu athu anazolowera ndi amapiano ndi pandza. Chilankhulo, poti Fany Pfumo ankayimba m'chilankhulo cha kumwera ndipo ife a kuno Chironga ndi Chichangana sitimva, Franco ndi Chilingala, Namoko nthawi zina amalowa Chilomwe. Mawu a woyimbayo, mwina ndi osasa kapena otulukira m'mphuno. Kutalika, nyimbo yopitirira mphindi khumi. Kapena kubwerezabwereza, kumva ngati chinthu chomwechomwecho chikungozungulira osapita kulikonse.

Kwa ine ndi Namoko zinali ziwiri, kamvekedwe ndi kubwereza. Nditalemba choncho ndinadabwa kuti mawu ake sindinali kudana nawo ayi, ndinali ndisanawamve n'komwe, phokoso la banjo linkanditsekereza pakhomo.

Apa musadzinamize. Ngati chokutchingani ndi choti munthu amene ankaika nyimboyo kunyumba ankakuzunzani, kapena inkalira pa maliro a mayi anu, lembani zomwezo. Pamenepo vuto si nyimbo ndipo masitepe otsatirawa mwina sakuthandizani, palibenso chokukakamizani kupitiriza.

## Sitepe 4: Khutu pa chida chimodzi

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, nde ndichedwapo.

Tengani nyimbo imodzi mwa zitatu zija muimvere katatu motsatizana, koma ulendo uliwonse khutu likhale pa chinthu chimodzi. Ulendo woyamba tsatirani chapansi, besi kapena ng'oma, ndipo muzigunda phazi kapena chala pa bondo, zamawu zisiyeni. Ulendo wachiwiri tsatirani gitala kapena banjo yokha. Wachitatu mawu a munthu, pomwe akupumira, pomwe akukweza, pomwe anzake akumuyankha.

Ife a kuno tili ndi mwayi umene sitiudziwa. Aliyense amene anaimapo pa bwalo la gule amadziwa kuti ng'oma sizinena chinthu chimodzi, ina imangogwira njira osasintha, ina ikudumphadumpha pamwamba kutsatira mapazi a chilombo, ndipo palibe amene amadandaula kuti yogwira njirayo ikubwerezabwereza, poti ikasiya zonse zagwa. Khutu lomwelo ndi limene mukufunika kubwera nalo apa. Namoko, amene anali wa ku Thyolo, wosaona, ndipo anamwalira mu 1995, ankayimba ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band ndi zida zosavuta, zina zopanga okha, ndipo nditayamba kumvera banjo yake ngati ng'oma yogwira njira osati ngati gitala yoti indisangalatse, mawu ake anatulukira pamwamba ngati munthu akukuuza nkhani muli pa ulendo wapansi. Kubwereza kuja kunasanduka mapazi oyenda.

Kwa a Kachamba aku Chileka, Daniel amene anamwalira mu 1987 ndi mng'ono wake Donald, tsatirani kaye besi ya chingwe chimodzi ija, kenako chitoliro, ndipo pomaliza gitala ya Daniel muyese kuwerenga kuti zikulira zinthu zingati nthawi imodzi, mupeza chala chachikulu chikuyendetsa besi pomwe zala zina zikuyimba zawo pamwamba, munthu mmodzi. Amene munagwirapo gitala mudziwa kuti zimenezo si masewera.

Timbila za Achopi a ku Zavala, m'chigawo cha Inhambane, anthu ambiri kuno amati ndi phokoso, makamaka kulira kwa zzz kumene kumatsagana ndi liwu lililonse. Kumeneko si kuwonongeka kwa sipika. Pansi pa thabwa lililonse pali chigoba chokuza mawu chokhala ndi kabowo kotsekedwa ndi kachikopa kopyapyala, amachita kufuna kuti kazinjenjemera choncho. UNESCO inalemekeza timbila mu 2005, chaka chomwecho chimene inalemekeza gule wamkulu wathu. Pomvera yambani ndi zija zolira pansi kwambiri, zimayenda pang'onopang'ono, mukazigwira zimenezo zapamwamba zothamanga zija zimayamba kukhala ndi pokhala.

Chenjezo: musachite zimenezi pa chapa, minibasi ija, injini ikulira, wina akukambirana za mtengo wa kachewere pa foni. Ndipo musapitirire katatu pa tsiku. Kachinayi khutu latopa ndipo mudzayamba kuida nyimboyo kuposa poyamba.

## Sitepe 5: Funsani tanthauzo la mawu

Nyimbo zambiri zimene akuluakulu amalira nazo, chowaliza ndi mawu. Ghorwane inayamba mu 1983 nkhondo ili mkati, ndipo ankayimba za mavuto a anthu wamba nthawi imene ambiri ankaopa kutsegula pakamwa, nde ngati simumva Chichangana mwangotsala ndi malipenga ndi magitala, theka la nyimbo mwalisiya panja. Pezani mnzanu wa kumwera, alipo ambiri ku Moatize ndi mu mzinda wa Tete, aphunzitsi, anamwino, a ku migodi ya malasha, mumupemphe akuuzeni nkhani ya nyimboyo mwachidule, osati liwu ndi liwu. Mtukudzi ndiye n'kosavuta, amene amayenda msewu wa ku Cuchamano, pa malire a Zimbabwe, ambiri Chishona chake amachimva.

Olo nyimbo za m'Chichewa chathu chomwechi funsani. Oyimba akale ankakonda kuphiphiritsa, akunena za nkhuku kapena za mtsinje koma akunena za mfumu, za mitala, za munthu amene anapita ku Joni osabwerako. Nthawi ya Kamuzu ku Malawi munthu sankangoyimba zilizonse poyera. Mwana wa lero akamva amangoti nyimbo ya nkhuku.

Samalani ndi mawu a nyimbo olembedwa pa intaneti komanso zomasulira za pa foni, pa zilankhulo zathuzi zimaphonya kwambiri. Munthu wamoyo ndiye wabwino.

## Sitepe 6: Ibwezereni nyimbo pamalo pake

Nyimbo iliyonse inapangidwira malo. Marrabenta inabadwira m'makomboni a Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo, ndipo ndi yovina, chiuno ndi mapazi, nde mukaimvera mutagona pa mphasa ndi mahedifoni muli nokha mukuiweruza pa mlandu umene siinapalamule. Ikeni pa koluna Loweruka mukuchapa, kapena dikirani pa ukwati. Franco ndi gulu lake la OK Jazz amayamba pang'onopang'ono, kuyimba, kukamba, ndipo magitala amadzamasuka mochedwa pa gawo lija amati sebene, nde amene amadina ina pa mphindi yachitatu wachoka nsima isanaphulidwe. Mtukudzi ine anandilowa pa ulendo, pa basi yochoka ku Ulongwe kutsikira ku Tete, kuzizira kwa kumapiri kukutha kutentha kukuyamba, ndi mawu ake osasa aja ndi kakutsokomola kake kaja.

Koma malo enieni a nyimbo zina ndi pambali pa munthu. Tsiku lina ndinakwera njinga kupita ku Domwe, ndinapeza a malume akusankha nyemba pa lichero. Wailesi ya kaseti ija inafa kalekale, ndinatulutsa foni ndi kasipika nkuika Namoko osanena kanthu. Anasiya lichero.

"Iwe mphwanga, zimenezi wazitenga kuti?"

"Ndimafuna mundiuze, a malume, mumamvamo chiyani. Ine ndayesa koma sizikundilowa."

Sanakwiye. Anakhala chete mpaka nyimbo inatha, kenako anandiuza za msasa wa othawa nkhondo, kuti madzulo amuna ankasonkhana pa wailesi imodzi, mabatire ochita kusonkherana ndipo akafooka ankawayanika padzuwa, kumudzi kukuoneka patsidya pompo koma osatheka kupitako, osadziwa ngati abale amene anatsala ali moyo. Anati munthu wosaona akuyimba ndi banjo yosauka ngati iwo omwe ndi amene ankawamvetsa. Atatero anandiuza kuti ndiibwereze, ndipo pakati pa nyimbo anakweza chala nkuti, "Tamvera apa, tamvera mmene akuyankhira anzakewo." Ndinamva. Malo amenewo ndinali nditawadutsa kambirimbiri.

Pochita zimenezi pitani ndi ulemu, tengani kashuga kapena sopo ngati mmene timachitira, ndipo foni musamaigwiregwire nyimbo ili mkati. Musawajambule vidiyo osawapempha. Ena nyimbozi zimawakumbutsa zinthu zowawa, akati zimitsa, zimitsani.

## Sitepe 7: Ngati zikukanabe, fufuzani mlatho

Yambirani pa chimene mumakonda kale nkumabwerera m'mbuyo. Achinyamata ambiri Giddes Chalamanda anamudziwa mu 2020 pamene Patience Namadingo anakhala naye pansi nkuyimba naye nyimbo zake zakale, mkuluyo ali ndi zaka 90, ndipo atakonda zimenezo ena anapita kukafuna zakale zenizenizo. Ngati mumakonda sungura ya Alick Macheso, besi yake ikutengereni ku magitala ena a ku Zimbabwe. Ngati mumakonda Black Missionaries, bwererani kwa Evison Matafale amene anayambitsa gululo, ndipo mukafika ku Chileka mwayandikira kale kwa a Kachamba. Wokonda kwaya ya kutchalitchi ayambire pa Alleluya Band ya ku Balaka.

Koma mlatho ndi wowolokera. Mukakonda nyimbo yokonzedwanso ndi zida zamakono musanene kuti mwamumva mwini wake, bwererani mukamvere yoyambayo kamodzi kapena kawiri.

## Sitepe 8: Isiyeni sabata yathunthu, kenako gamulani

Sabata yachitatu musaimvere n'komwe. Mverani zanu za masiku onse. Chimene mukudikira ndi chakuti kodi kachidutswa kena kabwera kokha m'mutu muli kumunda kapena mukutsuka mbale. Kakabwera, nyimboyo yalowa, olo pang'ono. Sabata ikatha imvereninso kamodzi ndipo lembani zoona m'kope muja.

Mayankho ndi atatu ndipo onse ndi abwino. Mwaikonda. Kapena mwaona luso lake koma simungaiike nokha. Kapena ayi ndithu. Ine Namoko ndimamuika ndekha tsopano, makamaka kukamada. Timbila ndimazilemekeza kwambiri ndipo ndikufunitsitsa kudzaziona ndi maso ku Zavala, koma pa foni sindimaliza. Jazi wa ku America, Miles Davis amene mnzanga wina mphunzitsi amamutama usiku ndi usana, ndinatsatira masitepe onsewa ndipo sanandilowe, ndinamuuza mnzangayo choncho ndipo tikadali pa ubwenzi.

Pouza wamkulu pali kanenedwe kake. Osati "nyimbo zanuzi n'zachikale." Nenani kuti, "Ndamvera bambo, gitala ija ndaimva mmene akuikhudzira, koma mtima wanga sunafikepo." Munthu amene amakondadi nyimbo amasangalala kuti munakhala pansi nkumvera.

## Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri

Kunama kuti mwaikonda. Ichi ndiye chachikulu ndipo ndinachichita zaka zambiri. Mukanama, munthu uja sakufotokozeraninso kanthu poti akuganiza kuti mukudziwa kale, nde mwadzitsekera nokha khomo limene likanakuthandizani. A malume akanandiuza nkhani ya msasa ija kalekale ndikanangonena zoona.

Kumvera pa kasipika ka foni nkugamula pomwepo. Besi ya chingwe chimodzi pa sipika imeneyo simveka n'komwe.

Kuyerekeza ndi nyimbo za lero pa kamvekedwe. Ambiri mwa akalewa ankajambulidwa gulu lonse likuyimba nthawi imodzi, popanda kompyuta yokonza mawu, wina akaphonya ndiye kuyambiranso kapena kuzisiya momwemo. Funso labwino ndi loti ndi zida zimene anali nazozo anachita nazo chiyani.

Kuyamba ndi kuwerenga mbiri yonse ya woyimba musanamve nyimbo. Mumafika mutanyamula chiyembekezo chachikulu moti nyimbo iliyonse imachepa. Mbiri ibwere pambuyo pa sitepe 4.

Kuganiza kuti woyimba akangomwalira ndiye muyenera kumukonda sabata yomweyo. Mtukudzi atamwalira mu January 2019, Azagaia mu March 2023, Lucius Banda mu June 2024, nyimbo zawo zinali paliponse, m'mabaraka, m'machapa, m'ma status, ndipo amene sankawamvera kale anadziona ngati olakwa. Nthawi ya maliro si yophunzirira kukonda nyimbo, khuzani nawo anzanu, masitepewa mudzayambe phokoso litazizira.

Kutembenuka nkuyamba kunyoza ena mukangoilowa. Ndaonapo mnyamata amene mwezi wathawu sankamudziwa Kachamba, lero akuuza mng'ono wake kuti amapiano si nyimbo. Mng'onoyo akachita manyazi ayamba kunama ngati mmene ndinkachitira ine. Ngati mukufuna kuti naye amve, mufunseni kaye zitatu zake, mukhale pansi muzimvere katatu katatu, besi, zida, mawu, kenako ndiye mumupatse zanu.